Chifukwa chake ndowa ya madzi siitulutsa okosijeni padzuwa

Achimwene, mwafunsa kuti ngati dzuwa ndi limene limaphwanya madzi m'tsamba, bwanji ndowa imakhala padzuwa tsiku lonse ku Chibavi kuno osatulutsa okosijeni. Apa ndi pamene ambirife tinangoloweza ku sekondale kuti tikhoze mayeso basi.

Dzuwa silikhudza madziwo ayi. Limamenya chlorophyll, chinthu chimene chimapangitsa tsamba kukhala lobiriwira. M'kati mwa chloroplast, kachipinda ka m'selo ya tsamba kosunga chlorophyll, muli timatumba tophwatalala totchedwa thylakoid, ndipo pakhungu la timatumbati pali gulu la mapuloteni lotchedwa Photosystem II. Kuwala kukafika pa chlorophyll yapadera, P680, elekitironi imodzi imathothoka n'kupita. P680 imatsala ndi ngongole, ndipo siyigona nayo: imatsomphola elekitironi kwa tyrosine, kachidutswa ka puloteni, amene ali pafupi, nayenso tyrosine amakatsomphola pa kachulu kakang'ono ka maatomu, manganese anayi, calcium mmodzi ndi okosijeni asanu. Kachulu kameneka ndi kamene m'ndowa yanu mulibe.

Kuti okosijeni mmodzi amene timapuma uja, O2, apangidwe, pamafunika mamolekyu awiri a madzi ndipo pachoke maelekitironi anayi. Koma kuwala kumachotsa imodzi yokha nthawi iliyonse. Ndiye manganese amapirira. Amulanda koyamba, ali chete. Kachiwiri, kachitatu, ngongole ikungokwera ngati ya katapila. Kachinayi ndi pamene amatembenukira madzi awiri amene wawagwira kale, n'kulandako maelekitironi anayi, ndipo maatomu awiri a okosijeni amalumikizana n'kutuluka. Kupirirako n'kofunika, chifukwa madzi ophwanyidwa mwatheka amabala zinthu zaukali zowotcha selo. Ma hydrogen ion anayi otsalawo amaunjikana m'kathumba muja, ndipo potuluka amazunguza makina opanga ATP, chosungira mphamvu cha selo, monga madzi a Shire amachitira pa Nkula.

Chimene chimandisangalatsa ine ndi momwe anazitulukira. Mu 1969 Pierre Joliot wa ku France ankaphanimitsa kuwala pa ndere zimene zinakhala mumdima. Okosijeni anatuluka wambiri pa kuphanima kwachitatu, kenako pakapita kanayi, pakapita kanayi. Mu 1970 Bessel Kok anafotokoza kuti pali masitepe, S0 mpaka S4, amene kachulu kaja kamakwera, sitepe imodzi pa kuphanima kulikonse, ndipo mumdima kamapumira pa S1, n'chifukwa chake ulendo woyamba unafupika. Zoti okosijeniyo amachokera m'madzi osati mu carbon dioxide, akatswiri a ku America, Ruben ndi Kamen, anali ataonetsa kale mu 1941 pogwiritsa ntchito okosijeni wolemera, O-18. Kaonekedwe kenikeni ka kachuluko kanaoneka bwino mu 2011, ntchito ya akatswiri a ku Japan.

Ntchitoyi ndi yoopsa kwa mwini wake. Puloteni yotchedwa D1, imene imanyamula zonsezi, imapsa kawirikawiri moti padzuwa lamphamvu tsamba limangokhalira kuichotsa n'kuikapo ina.

Mukafuna kuona ndi maso, tengani ndere zobiriwira za m'dambo, muziike m'botolo loonekera la madzi pawindo. M'mawa wa June, nkhungu ya kuno itakuta mpaka ku Katoto, simuona kanthu kwenikweni. Dzuwa likangoboola cha m'ma 10 koloko, timathovu timayamba kumera pa nderepo n'kumakwera kamodzikamodzi. Mukaphimba botololo ndi chitenje chakuda, pakapita kanthawi timathovu tatsopano timaleka kubwera.