Yankho: Chifukwa chake 10 + 20 ikukupatsani 1020 mu JavaScript

Mwafunsa chifukwa chake manambala awiri ochokera pa fomu akungolumikizana m'malo mophatikizika, komanso chifukwa chake parseInt("1,500") yakubwezerani 1.

Chilichonse chimene mwatenga ndi input.value chimabwera ngati string (mndandanda wa zilembo, osati nambala), ngakhale bokosilo likhale type="number". Chizindikiro cha + chikapeza string mbali imodzi chimangomata zilembo, nchifukwa chake "10" + "20" ikutuluka "1020". Zisintheni kaye kukhala manambala musanaphatikize: Number(a) + Number(b).

Koma samalani apa. Number("") imabweza 0, osati NaN (Not a Number, kutanthauza kuti si nambala), choncho bokosi losiyidwa lopanda kanthu limadutsa mwakachetechete ngati ziro. Yambani ndi trim(), imene imachotsa mipata ya kumayambiriro ndi kumapeto, kenako onani ngati chatsalacho chili ndi kanthu.

Za koma (chizindikiro cha ,) wa mu "1,500" uja: parseInt imawerenga kuyambira kumanzere nkuima ikangogunda chilembo chimene si nambala. Pa "1,500" yaima pa koma, basi yatola 1. Number("1,500") imabweza NaN, ndipo ine ndimakonda zimenezo chifukwa cholakwika chimaonekera msanga. Chotsani makoma kaye, koma osati ndi replace(",", ""), imeneyo imachotsa woyamba yekha: "1,500,000" isanduka "1500,000". Lembani replace(/,/g, "") kapena replaceAll, imene inabwera ndi ES2021, mtundu wa JavaScript wa 2021. Mukatero sinthani ndi Number(), kenako yesani zotsatirazo ndi Number.isNaN() kuti muone ngati zili NaN.

Pobwezera nambala pa tsamba, toLocaleString("en-US") imaikanso makoma. Kumbukiraninso kuti toFixed(2), yosiya manambala awiri pambuyo pa dontho, imabweza string, ndiye mukaiphatikizanso ndi + vuto lomwe lija libwerera.