Kwa achemwali amene afunsa za selection criteria ya ntchito ya mu ofesi ya sukulu

Achemwali, funso lanu ndaliona mochedwa koma ndiyankhebe poti mwati akutseka Lachisanu. Kwa ena amene simunaliwerenge, achemwaliwa aona advert ya ntchito ya administrative officer pa sukulu ina ya pulaiveti, yandandalika zinthu zomwe akufuna kwa wofunsira, zomwe amati selection criteria, kenako pansi alemba kuti munthu ayankhe chilichonse mwa zimenezo m'masamba osapitirira awiri, ndiye akufunsa ngati CV ndi kalata wamba ija zingakwane, komanso akudandaula kuti pa sukulu sanagwirepo, iwo ndi cashier pa hardware ndipo ku mpingo ndi msungichuma wa amayi.

Sizingakwane ayi. Ine ndakhalapo pa panelo ya bodi ya sukulu ndiye ndikuuzeni mmene zimakhalira mkatimo. Maenvulopu amabwera odzaza katoni, osankha alipo atatu kapena anayi ndipo aliyense ali ndi zake, ahedi akudikiridwa ndi kholo panja, abusa akuyang'ana wotchi chifukwa masana ali ndi maliro. Aliyense amapatsidwa pepala la mizere, kumanzere kuli zofunika zija ndendende mmene zalembedwera mu advert, kumanja malo oika malikisi. Ndiye munthu akagwira mapepala anu sikuti akuwerenga kuti asangalale ndi Chingerezi chanu, akusaka kuti umboni wa mzere woyamba uli pati, wachiwiri uli pati, akapanda kuupeza msanga amalemba ziro n'kutenga envulopu ina. Mwina mu CV yanu zonse zilimo koma zamwazikana, palibe amene ali ndi nthawi yokutolerani.

Ndiye tengani advert ija, mzere uliwonse muukopere mmene ulili, mawu ake omwewo, ukhale kamutu, ndipo musasinthe dongosolo lake. Pansi pa kamutu kalikonse mpamene muyankhe. Musaphatikize iwiri kukhala umodzi olo ikuoneka yofanana, pa pepala lawo lija ndi mizere iwiri ndipo malikisi ake ndi osiyana. Yang'anitsitsaninso ngati agawa essential (zoyenera kukhala nazo) ndi desirable (zongowonjezera mwayi), za essential zija mukadumpha chimodzi basi mwatuluka, pomwe za desirable ndi zolekanitsira anthu amene afanana.

Mzere wa maphunziro osachedwapo. MSCE chaka chakuti, dipuloma ya ICAM (bungwe la ma accountant) kapena ya business administration chaka chakuti, kumene munaitenga, basi. Ngati pepala lanu ndi lakale lija la PAEC, bungwe lomwe linkalembetsa mayeso a accounts kale, lembani choncho, amene amadziwa za accounts akulidziwa. Ngati mukadali mkati mophunzira nenani level yomwe mwafika, osalemba ngati munamaliza chifukwa adzafuna kuona satifiketi yeniyeni.

Pomwe anthu ambiri amagwera ndi mizere ya luso, monga kusunga ndalama, kulankhula ndi anthu, kusunga chinsinsi, kugwira ntchito yambiri nthawi yochepa. Makalata ambiri amangoti "I am a hardworking, honest and God-fearing lady who works well under pressure", aaa koma inu, envulopu iliyonse m'katoni muja ikunena zomwezo, ngakhale amene anachotsedwa ntchito chifukwa cha shoteji amalembanso honest kkkk. Mawu amenewo alibe malikisi. Chomwe chili ndi malikisi ndi nkhani imodzi yomwe inachitikadi: zinthu zinali bwanji, inu udindo wanu unali wotani, munachita chiyani ndi manja anu, mapeto ake anali otani. Ndi njira ija a HR, oyang'anira zolemba anthu ntchito, amaitchula kuti STAR. Pa zinayi zimenezi malo ambiri apite pa zomwe munachita, chiyambi chikhale chiganizo chimodzi chokha, osayamba ndi mbiri ya mmene hardware inakhazikitsidwira.

Titenge ya ndalama poti ndi imene ikukhudzani kwambiri. Inu mukuti simunagwirepo pa sukulu koma tsiku lililonse mukamatseka mumawerenga cash, mumafananiza ndi malisiti, kenako za Mpamba ndi Airtel Money, mawa lake deposit slip ya ku banki. Imeneyo ndiye ntchito ya mu ofesi ya sukulu sabata yotsegulira teremu. Makolo amabwera ndi maslip ena ofufutika, ena alibe dzina la mwana, amalume atumiza fizi kuchokera ku Joni ndiye pa statement pakuoneka dzina la amalumewo pomwe mwana ali ndi dzina la bambo ake, wina walipira theka akuti zotsala akagulitsa soya, ndipo pofika Lachisanu ahedi akufuna kudziwa kuti ndani wamaliza ndani sanamalize. Ndiye inu kumbukirani tsiku limene ndalama sizinagwirizane ndi buku. Lembani kuti munazindikira bwanji, munabwerera mu malisiti a masiku angati, munapeza kuti vuto linali pati, kaya lisiti linalembedwa kawiri kaya kasitomala anatumiza pa foni koma sizinalowe m'buku, munauza ndani, ndipo kuchokera pamenepo munasintha chiyani kuti zisachitikenso. Ikani manambala enieni amene mukuwakumbukira, makasitomala angati pa tsiku, ndalama zokwana zingati zimadutsa m'manja mwanu pa mwezi. Pomaliza chiganizo chimodzi cholumikiza ndi sukulu, kuti luso lomweli ndi lomwe mudzagwiritse ntchito pofananiza fizi ndi statement ya banki. Musawasiyire a panelo kuti alumikize okha, sangalumikize.

Za ku mpingo zija musazichepse. Msungichuma amene amawerenga lipoti pamaso pa amayi a mvano kapena a chigwirizano n'kuyankha mafunso awo wadutsa kale pa moto, bodi ya sukulu siingamuopse. Lembani, bola mutchule zaka komanso kuti buku lanu amaliona ndani.

Chinanso, ife tinaleredwa kuti kudzitama n'koipa ndiye timalemba "we did", "we managed", ngakhale pamene unachita wekha. Pa pepala ili lembani "I". Akufuna kulemba ntchito inuyo, anzanu a ku hardware sanafunsire.

Ngati pali mzere wa payroll, kukonza malipiro a antchito, onetsani kuti mukudziwa zomwe zimachitika mwezi ukatha, kuti PAYE, msonkho wodulidwa pa malipiro, imayenera kufika ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira, penshoni olemba ntchito amaika 10% wantchito 5%, palinso TEVET levy ya 1%, msonkho wothandizira maphunziro a ntchito zamanja. Koma ngati simunapangepo payroll nenani chilungamo kuti simunapangepo, kenako onetsani chomwe chili pafupi nacho komanso kuti munaphunzirapo chinthu chatsopano mwachangu. Chimodzimodzi za kompyuta. Osangoti computer literate, tchulani kuti Excel mumapanga nayo chiyani, pulogalamu ya accounts monga Sage kapena QuickBooks ngati munaigwirapo. Sukulu zambiri tsiku la intavyu zimakukhazikani pa kompyuta n'kukupatsani mayina a ana ndi fizi kuti muwonkhetse ndi kusanja, ndiye amene analemba advanced Excel amaonekera pomwepo akusakasaka calculator ya pa foni.

Mzere wa kulankhula ndi anthu, ganizirani kholo limene lafika litakwiya, mwana wabwezedwa kunyumba chifukwa cha fizi pomwe iye analipira, akukuwa pa windo ana akumva. A panelo akufuna kudziwa ngati mungathe kumukhazika pansi munthu woteroyo. Ku hardware simungalephere kukhala ndi nkhani ya kasitomala amene analipira simenti koma sinafike, fotokozani imeneyo.

Pa za chinsinsi samalani kwambiri chifukwa apa ena amadzikola okha. Mu ofesi ya sukulu mumadutsa zinthu zambiri, malipiro a aphunzitsi, mwana amene ali pa bursary, amene akumwa mankhwala, amene makolo ake akukanganirana ku khoti. Ndiye wina pofuna kuonetsa kuti amasunga chinsinsi amalemba nkhani yonse ya abwana ake akale ndi dzina lomwe, kuti anali ndi ngongole yakuti koma ine sindinauze munthu. Mwatiuza kale ife! Fotokozani popanda dzina, nenani kuti mafaelo mumawasunga bwanji, kiyi amakhala ndi ndani, munthu atabwera kudzafunsa zomwe sizikumukhudza munamuyankha chiyani. Ngati atchula za chitetezo cha ana, dziwani kuti tili ndi lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la 2010, ndipo sukulu zina makamaka za international zimafuna police clearance, kalata ya ku polisi yosonyeza ngati muli ndi mbiri ya milandu, yambani kuifunsira pano.

Mzere wa attention to detail, kusamala ndi tinthu ting'onoting'ono, pa sukulu tanthauzo lake lalikulu ndi mayina a ana opita ku MANEB, kapena ku Cambridge ngati ndi sukulu yolembetsa mayeso akunja a IGCSE. Chilembo chimodzi chikalakwika pa dzina kapena tsiku lobadwa mwana amayenda nacho pa satifiketi mpaka ku koleji, kukonzetsa kwake ndi chintchito. Ndiye pepala lanu likakhala kuti dzina la sukulu yomwe mukufunsirayo mwalilakwitsa, kapena mwasiya dzina la kampani ina yomwe munafunsirako mwezi watha, mzere umenewo mwadziyankhira nokha. Mupatseni munthu wina awerenge musanatumize.

Masamba awiri akatero ndi awiri, osachepetsa zilembo mpaka abusa avule magalasi. Musagwiritse nkhani imodzi pa mizere yonse, sinthani, ina ya ku hardware ina ya ku mpingo. Ndipo ngati mukufuna ChatGPT ikuthandizeni ikonze galamala yokha, nkhani zikhale zanu, chifukwa mafunso a pa intavyu amachokera pa pepala lomwelo, adzati tafotokozani bwino za shoteji ija, ndiye sungani kope muziliwerenga.

Ndaona ena mu ma comment akuti musavutike, ntchito zimenezi amakhala atapatsana kale. Zimachitika, sindikana. Koma si paliponse, ndipo pamene bodi ili ndi anthu osiyanasiyana pepala la malikisi lija limavuta kulizembera, munthu amene wayankha mzere uliwonse ndi umboni amavuta kumusiya pa shortlist popanda wina kufunsa chifukwa chake. Chimene musachite ndi kutumiza ndalama kwa aliyense amene akuimbirani kuti akuikani pa shortlist, amenewo ndi akuba.

Ma referee auzeni lero kuti mwawalemba ndipo muwatumizire advert, nambala zawo zikhale zogwira. Makope a satifiketi akadindidwe kwa Commissioner for Oaths, munthu wololedwa ndi lamulo kutsimikizira makope, ngati advert yanena certified. Ngati ndi pa email zonse zikhale PDF imodzi yokhala ndi dzina lanu, subject ikhale dzina la ntchito mmene alembera, ndipo tumizani Lachinayi, osadikira Lachisanu madzulo poti magetsi ndi netiweki mukuzidziwa. Mukalemba mzere woyamba uja wa ndalama uponyeni muno mutachotsa dzina la hardware, tiuone limodzi.