Za ulendo wa ku Limerick wotsata ubwana wa Frank McCourt

Mayi, mwafunsa ngati kuli koyenera kuchoka ku Dublin kupita ku Limerick kukaona nyumba yokumbukira mlembi Frank McCourt ndi kuyenda nawo ulendo wapansi wotsata ubwana wake, komanso ngati si chipongwe kusandutsa umphawi wa banja kukhala chokopa alendo. Ine ndikuti pitani, koma muyambe mwawerenga buku lake, Angela's Ashes, chifukwa zambiri zimene analemba simungazionenso ndi maso lero.

Mudziwiretu kuti nyumba yokumbukirayo, imene wojambula zithunzi Una Heaton anaitsegula mu 2011 mu Leamy House pa Hartstonge Street, inatsekedwa mu 2019. Nyumbayi kale inali sukulu imene McCourt anaphunzirako, ndipo munali kalasi yokonzedwa monga ya m'zaka za m'ma 1930, pamodzi ndi zipinda zosonyeza mmene banjalo linkakhalira. Zina mwa zinthuzo anazisamutsira ku People's Museum of Limerick pa Pery Square, pafupi pomwepo, pamene nyumba ya sukuluyo ikadalipo ndipo mungaione muli panja.

McCourt anabadwira ku Brooklyn mu 1930, ndipo makolo ake anabwerera ku Ireland mu 1934 mwana wawo wamkazi wakhanda, Margaret, atamwalira. Ku Limerick anatayanso mapasa, Oliver ndi Eugene. Bambo wake, Malachy, ankamwera mowa malipiro ngakhalenso ndalama ya boma yothandiza osowa ntchito, kotero kuti mayi wake, Angela, ankakaima pamzere ku bungwe lothandiza osauka la St Vincent de Paul, kumene munthu ankayamba wafunsidwa mafunso ochititsa manyazi asanapatsidwe chikalata chokatengera chakudya. Nyumba imene imandikhudza kwambiri ndi ya ku Roden Lane. Inali kumapeto kwa kanjira, khomo lake litayandikana ndi chimbudzi chimodzi chimene mabanja onse a m'kanjirako ankakhuthuliramo zidebe zawo. Nthawi yozizira madzi ankalowa m'chipinda chapansi, banja lonse n'kuthawira m'chapamwamba, chimene anachitcha Italy chifukwa chinali chouma ndi chofundirako, chapansicho n'kuchitcha Ireland. Chinyezi chotere, pamodzi ndi njala ndi kuthithikana, n'chimene chinkafalitsa chifuwa chachikulu ndi matenda ena m'tinjira ta mzindawo, ndipo Frank mwiniyo anatsala pang'ono kufa ndi tayifodi.

Tinjira timeneto anatigumula kalekale. Chimene mudzaona poyenda ndi zimene zinatsala: tchalitchi cha St Joseph, tchalitchi cha a Redemptorist, People's Park, bala ya South's, mtsinje wa Shannon, ndi Dock Road kumene osauka ankatola malasha ogwa m'ngolo. Mudzaonanso nyumba zazitali za njerwa zofiira za anthu olemera a nthawiyo, ndipo pamenepo m'pamene pali phindu loyenda wapansi, chifukwa miyendo yanu idzakuuzani kuti anthu okhuta ndi anthu ogona ndi njala ankalekana ndi mphindi zochepa chabe.

Funso lanu lachiwiri anthu a ku Limerick enieniwo anakanganapo kwambiri. Bukulo litatuluka mu 1996 ndi kupata mphoto ya Pulitzer mu 1997, ena anakwiya ponena kuti McCourt anakokomeza mavuto, ananyozetsa mzinda wawo, ndiponso anaulula za mayi wake zinthu zimene mwana sayenera kuulula. Woulutsa mawu pa wailesi Gerry Hannan anamutsutsa poyera kwa zaka zambiri. Dandaulo lokhudza mayi ndimalimvetsa, pakuti nafenso sitinaleredwe kuyalutsa kholo pagulu, makamaka loti linamwalira ndipo silingadziyankhire. Komabe sindiona chipongwe mu ulendowu. Amene anafotokoza umphawiwo si mlendo wongodutsa, koma mwana amene anasiya sukulu asanakwanitse zaka 14, n'kugwira ntchito yopereka matelegalamu pa njinga, n'kusunga ndalama mpaka kubwerera ku New York mu 1949 ali ndi zaka 19, kumene anadzaphunzitsa m'sukulu za sekondale zaka pafupifupi 30. Anali ndi ufulu wonena zimene anaona. Kwa ife amene tinaidziwa Ireland itatukuka kale, n'kofunika kuzindikira kuti achikulire ena amene timakhala nawo m'basi anakulira m'tinjira totere, ndipo poyenda muziwamvera ndi ulemu, kaya akugwirizana ndi bukulo kaya ayi.

Sitima yochokera pa siteshoni ya Heuston ku Dublin imatenga maola awiri kapena kupitirirako pang'ono kukafika pa siteshoni ya Colbert ku Limerick, ndipo People's Park ndi Pery Square zili pafupi ndi siteshoniyo. Musananyamuke funsani ku ofesi yoona za alendo ku Limerick masiku amene wotsogolera ulendowu amapezeka, ndipo musaiwale chovala cha mvula ndi nsapato zosalowa madzi.