Mafunso a Owerenga: Yoyo Yoyenera Mwana Amene Akuyamba Kuphunzira Maluso a Pachingwe

Funso: Mkonzi, mwana wanga wamwamuna wa zaka 11 wakhala akuonera mavidiyo a akatswiri osewera yoyo, ndipo tsopano akufuna kuphunzira maluso aja oigwetsera pachingwe n'kumaiyendetsa pomwepo ikuzungulirabe. Yoyo imene tinamugulira pamsika, yokhala ndi timagetsi tothwanima, imangotsika n'kukwera, ndipo akati aisiye izungulire pansi, imaima nthawi yomweyo. Amalume ake amene amagwira ntchito ku Johannesburg alonjeza kuti amutumizira ina, koma akuti apeza mitundu yambirimbiri, ina yapulasitiki, ina yachitsulo yokwera mtengo. Kodi ndiwauze kuti agule yotani?
Mayi wa ku Zomba

Yankho: Mayi, auzeni amalume ake kuti agule yoyo yapulasitiki, yotambasuka m'mbali mwake, yokhala ndi bearing (kamkombero ka timipira tachitsulo) pakati, imene imabwerera m'dzanja munthu akangogwedeza chingwe pang'ono. Yachitsulo yokwera mtengoyo aisiye kaye, ndipo ndalama zotsalazo agulire zingwe zambiri. Tifotokoze zifukwa zake, kuti wogulitsa akayamba kuwanyengerera adziwe poima.

Tiyambe ndi vuto la yoyo imene mwanayo ali nayo kale. Maluso onse a pachingwe amadalira chinthu chimodzi, chimene ndi kuti yoyo ithe kuzungulira kumapeto kwa chingwe popanda kukwera, mpaka mwini wake ataiitana. Zimenezi zimatheka pokhapokha ngati chingwe chakoledwa momasuka pa kachitsulo kapakati, osati kumangidwa mfundo. Njira yokolera chingweyi inatchuka chifukwa cha Pedro Flores, munthu wa ku Philippines amene anatsegula fakitale ya mayoyo ku Santa Barbara m'chigawo cha California mu 1928, ndipo pasanapite nthawi yaitali Donald Duncan anagula bizinesiyo n'kufalitsa chidolechi ku America konse. Komabe mayoyo a nthawi imeneyo sankazungulira nthawi yaitali, chifukwa chingwe chinkakhulana mwachindunji ndi kamtengo kapena kachitsulo kapakati. Zinthu zinasintha kwambiri pamene opanga anayamba kuikamo bearing, kamkombero kokhala ndi timipira tachitsulo ngati tija ta m'gudumu la njinga. Mmodzi mwa anthu amene anatsogolera pa zimenezi ndi Tom Kuhn, dokotala wa mano wa ku San Francisco, amene mu 1990 anatulutsa yoyo yotchedwa SB-2. Yoyo yokhala ndi bearing ikaponyedwa bwino imatha kuzungulira kupitirira mphindi imodzi, ndipo wophunzira amafunikira nthawi imeneyi kuti aganize, alakwitse, n'kukonza yoyo isanaime. Zidole zambiri za pamsika zilibe bearing, ndipo zina chingwe chake chimakhala chomangidwa mfundo, choncho mwana wanu asadzione ngati wolephera.

Chachiwiri ndi kaumbidwe kake. Pali mayoyo amene mbali zake ziwiri zimakhala zoyandikana, ndi kampata kakang'ono kongokwana chingwe, ndipo chitsanzo chake chodziwika ndi Duncan Imperial. Amenewa ndi abwino poponya yoyo kutsogolo n'kumaibweza mozungulirazungulira, luso limene pa mipikisano limachitika ndi manja awiri m'gawo lotchedwa 2A. Mwana wanu akufuna gawo la 1A, limene munthu amagwiritsa ntchito yoyo imodzi n'kumaikhazika pachingwe. Pa gawoli pamafunika yoyo imene mbali zake zimatambasukira kunja ngati chilembo cha V, kaumbidwe kamene kampani ya Duncan inayamba kugulitsa mu 1958 ndi dzina lakuti Butterfly. Taganizirani luso loyambirira lotchedwa Trapeze: wosewera amaponya yoyo cham'mbali, chingwe chimakola chala cha dzanja linalo, yoyo imazungulira chalacho n'kudzatera pachingwe chomwecho. Ngati kukamwa kwa yoyo kuli kopapatiza, mwana amaphonya kambirimbiri mpaka kugwa ulesi, pamene ikakhala yotambasuka, chingwe chimatsetsereka chokha n'kukafika pakati ngakhale sanalunjike bwinobwino.

Tsopano tifike pa nkhani imene imasokoneza ogula ambiri, ndipo pano ndi pamene amalume ake ayenera kuwerenga mosamala zolembedwa papaketi. Mayoyo a masiku ano ali m'magulu awiri. Ena amalembedwa kuti responsive, ndipo amenewa amabwerera munthu akagwedeza dzanja. Ena amalembedwa kuti unresponsive, ndipo amenewa sabwerera ngakhale mutakoka chingwe mwamphamvu chotani, mpaka mutachita kaluso kena kotchedwa bind, kamene ndi kulowetsa dala chingwe chopindika mumpata kuti chigwire. Kusiyana kwake kwagona pa kukula kwa mpata wapakati. M'kati mwa mbali iliyonse muli kamkombero ka labala kapena ka silikoni kamene kamagwira chingwe. Bearing ikakhala yopyapyala, mbali ziwirizo zimayandikana, ndiye chingwe chikangokhwepa pang'ono chimakhudza labalayo n'kuyamba kukulungika. Ikakhala yaikulu m'lifupi, mpata umakula, ndipo chingwe sichifika pa labala pokhapokha wosewera atachipinda.

Akatswiri amene mwana wanu amawaonera m'mavidiyo amagwiritsa ntchito mayoyo osabwerera okha, chifukwa maluso awo amafuna kuti mumpata mulowe zingwe ziwiri kapena zitatu nthawi imodzi, ndipo yoyo yobwerera msanga ikhoza kugwira chingwe mosayembekezereka n'kudzamenya zala. Pa chifukwa chimenechi, osewera ena amalangiza kuti wophunzira ayambe ndi yosabwerera yokha, aphunzire bind tsiku loyamba, asadzavutike kusintha pambuyo pake. Malangizowa angathandize munthu wamkulu woleza mtima, koma kwa mwana wa zaka 11 amene alibe womuphunzitsa pafupi, ife sitikugwirizana nawo. Chimene wophunzira amafunikira kwambiri m'masabata oyamba ndi kuponya mowongoka ndi mwamphamvu, ndipo zimenezi zimabwera mwa kubwerezabwereza. Ngati pa kuponya kulikonse ayenera kuima n'kukulunga chingwe ndi manja chifukwa bind yamukanika, ndiye kuti nthawi yambiri ithera pa kukulunga osati pa kuphunzira, ndipo chidolecho chikhoza kukathera pansi pa bedi. Maluso monga Sleeper, Rock the Baby, Breakaway, Trapeze ndi Brain Twister onse amatheka bwino ndi yoyo yobwerera munthu akagwedeza dzanja.

Mwamwayi, simukufunika kugula kawiri. Pali mayoyo amene amagulitsidwa ndi ma bearing awiri m'paketi imodzi, wopyapyala woyambira ndi wina waukulu wodzaikamo mwana akakhwima. Recess First Base imabwera motero, ndipo Magicyoyo K2 nayonso nthawi zambiri imagulitsidwa ndi bearing yachiwiri pamodzi ndi kachipangizo kochotsera, ngakhale kuti ogulitsa amasiyana pa zimene amaikamo, choncho amalume afunse asanapereke ndalama. Ngati zimenezi sizikupezeka, YoYoFactory One kapena Duncan Butterfly XT ndi zoyambira zabwino ndithu. Mtundu umene ayenera kuupewa ndi uja wobwerera wokha popanda kugwedeza dzanja, monga Yomega Brain. Umenewu uli ndi timasipuling'i timene timagwira pakati liwiro likangochepa, ndipo ngakhale umasangalatsa mwana wamng'ono amene akungophunzira kutsitsa ndi kukweza, umalanda wosewera ufulu wosankha nthawi yoti yoyo ibwerere.

Za chitsulo tinene motere. N'zoona kuti yoyo ya aluminiyamu imazungulira nthawi yaitali ndiponso simapendekeka msanga, chifukwa opanga amatha kuika kulemera kwambiri m'mphepete mwake. Koma wophunzira aliyense amamenyetsa yoyo pansi, ndipo pa simenti yoyo yachitsulo imakumbika n'kukhala ndi timano takuthwa tokanda zala, mwinanso kupindika n'kuyamba kunjenjemera. Ikamenya pachipumi kapena pamano imapwetekanso kuposa yapulasitiki. Amene akuganiza kuti pulasitiki ndi ya ana okha akumbukire Gentry Stein wa ku America, amene anapambana gawo la 1A pa mpikisano wa dziko lonse ku Prague mu 2014, kenako mu 2015 anapambana mpikisano wa dziko la America akugwiritsa ntchito yoyo yapulasitiki yotsika mtengo yotchedwa Replay Pro. Pa kulemera, yoyo ya magalamu apakati pa 60 ndi 70 ndiyo yofala ndipo imakwana bwino m'dzanja la mwana wa msinkhu umenewu.

Chimene anthu otumiza katundu kuchokera kutali amaiwala kawirikawiri ndi zingwe. Chingwe cha yoyo chimatha msanga, ndipo ulusi wosokera kapena chingwe cha thumba sichingalowe m'malo mwake, chifukwa chenichenicho ndi chingwe chimodzi chopindidwa pawiri n'kupotedwa, kuti kumapeto kwake kutseguke n'kukola bearing. Amalume agule za poliyesitala, zimene zimagulitsidwa m'mitolo, ina mpaka ya zingwe 100. Zimabwera zazitali, choncho muyenera kudula. Mwanayo aimirire, yoyo ikhale pansi pakati pa mapazi ake, ndipo chingwe chifike pamchombo. Pamenepo mangani kamfundo kokhala ndi diso, lowetsani chingwe m'disomo kuti pakhale khwekhwe, ndipo alivale pa chala chapakati, pakati pa mfundo yoyamba ndi yachiwiri ya chalacho. Chingwe chikayamba kuda kapena kuyoyoka, sinthani chisanaduke, chifukwa chikaduka yoyo ili pa liwiro imauluka kulikonse, ngakhale pawindo kapena pankhope ya mnzake.

Funso: Ndinaitanitsa yoyo yachitsulo pa intaneti. Imazungulira nthawi yaitali kwambiri, koma ndikakoka chingwe sibwerera. Kodi anandigulitsa yakufa?
Mnyamata wa ku Mzuzu

Yankho: Achimwene, yoyo yanu ndi yabwinobwino, kungoti mwagula ya gulu losabwerera lokha limene tafotokoza pamwambapa. Muli ndi njira ziwiri. Yoyamba ndi kuphunzira bind. Ponyani yoyo kuti izungulire pansi, kolani chingwe ndi chala cha mkombaphala cha dzanja linalo, ndipo khazikani yoyo pachingwe kuti ilendewere pakati pa manja awiriwo. Kenako tsitsani dzanja lokola lija kuti chingwe chopindikacho chilowe mumpata, uku mukukweza dzanja loponyera, ndipo mukamva kuti chagwira, chotsani chala. Ngati sichikugwira, mwina mwakolera chingwe mbali yolakwika, chifukwa chiyenera kulowa motsatira kumene yoyo ikuzungulira kuti ichikokere m'kati. Poyamba yesani yoyo ikayamba kuchepa liwiro, chifukwa bind ya pa liwiro lalikulu imabweza yoyo mwamphamvu moti imatha kupweteka dzanja. Njira yachiwiri, ngati kuponya kwenikweniko simunakudziwe bwino, ndi kudonthezera mafuta okhuthala pang'ono mu bearing, zimene zimachititsa kuti yoyo iyambe kumvera dzanja ngakhale kuti nthawi yozungulira imachepa. Mukadzakonzeka, mudzatsuka bearing n'kuibwezera mmene inalili.

Funso: Yoyo ya mwana wanga inali yabwino, koma tsopano ikuchita phokoso ndipo ikuima msanga. Kodi ndingathiremo mafuta ophikira?
Bambo wa ku Lilongwe

Yankho: Ayi Bambo, mafuta ophikira musathiremo, chifukwa pakapita nthawi amamata ndipo amasonkhanitsa fumbi, moti vuto limakula. Kawirikawiri phokoso lotere limabwera chifukwa cha fumbi kapena timaulusi ta chingwe timene talowa pakati pa timipira, makamaka ngati mwana amasewerera panja m'miyezi youma mvula isanayambe. Masulani mbali ziwiri za yoyo, chotsani bearing mosamala, ndipo muiviike n'kuigwedeza m'kabotolo kokhala ndi sipiriti kapena mafuta a laita. Ntchito imeneyi muichite nokha kutali ndi moto, osati kumusiyira mwana, ndipo mankhwalawo asakhudze pulasitiki kapena labala chifukwa amatha kuziwononga. Bearing ikauma bwinobwino, ikanimo kadontho kakang'ono kwambiri ka mafuta opepuka, monga a makina osokera, kongokwana pansonga ya singano. Yang'ananinso ngati timikombero ta labala sitinamatuke, chifukwa nato tikatukuka timakhulana ndi chingwe n'kuchepetsa liwiro. Pomanga, potani mbali ziwirizo mpaka zitangogwirana ndipo lekerani pomwepo, chifukwa kumangitsa kumadya mazinga a kachitsulo kapakati kapena kung'ambula pulasitiki, ndipo yoyo yowonongeka motero sikonzekanso mosavuta.