Funsani za njinga: nditenge ya shoko imodzi kapena ya mashoko awiri?

FUNSO

Zikomo akulu, ine ndine mnyamata wa kuno ku Mchinji chakwa Kamwendo. Ndakhala ndikupalasa kanjinga kakaunjika ka 26 kwa nthawi ndithu, ndiye chaka chino nditagulitsa soya ndasungako kangachepe ndikufuna ndigule njinga yeniyeni. Ndapeza ziwiri ku Lilongwe, zonse zoti ena anakwerapo kale ndipo mtengo sukusiyana kwenikweni. Yoyamba ndi hardtail, shoko kutsogolo kokha yomira mpaka 100mm, matayala a 29, felemu ya aluminiyamu, magiya a Shimano Deore 12 kumbuyo kutsogolo limodzi basi. Yachiwiri ndi full suspension, 140mm kutsogolo ndi kumbuyo komwe, matayala a 27.5, magiya awiri kutsogolo 10 kumbuyo, ndiyokongola zedi koma shoko yakumbuyo ikuoneka timafuta, ogulitsawo akuti palibe vuto zimatero. Ine ndikufuna ndiyambe mipikisano ya cross-country komanso Loweruka timakonda kupita ndi anzanga kumapiri a Mchinji kukatsetsereka m'tinjira tamiyala. Mtima uli pa yachiwiriyo. Nditenge iti?

Wowerenga wa kwa Kamwendo, Mchinji

YANKHO

Achimwene, tengani hardtail ija. Ndikudziwa mtima wanu uli kwinako ndipo sindikukudzudzulani, njinga ya mashoko awiri ukaikwera pamiyala imakoma ndithu, koma mwandifunsa inu amene mukukhala kwa Kamwendo ndiye yankho langa ndi la kwa Kamwendo komweko.

Tiyambe ndi timafuta mwationato. Shoko ikangochoka ku sevisi imatha kusiya kamzere kochepa ka mafuta, koma ngati mwapukuta, mwadinikiza kangapo mafuta n'kubweranso mpaka fumbi kumatirira, ndiye kuti masiilo amkati, timalabala totsekera mafuta, atha, ndipo ogulitsa akamati zimatero akungofuna katundu achoke. Tsono funsani, ku Mchinji boma kapena kwa Kamwendo ndani angaimasule shoko imeneyo? Amisiri athu okonza njinga pansi pa mtengo aja ndi akatswiri pa masipoko, habu, kumata chubu ndi kuwongola limu, ine ndimawapatsa ulemu wawo, koma shoko ya mpweya imafuna masiilo akeake a mtundu womwewo, mafuta akeake ndi pampu yakeyake chifukwa mpweya wake umatha kufika 200 psi (psi ndi muyeso wa mphamvu ya mpweya), pampu ya matayala singathe. Olo ku Lilongwe masipeya amenewa nthawi zambiri amachita kuitanitsa ku Joni ndiye mudikire masabata njinga itangotsamira khoma. Onjezaninso mabeyaling'i a m'mapivoti, malo aja felemu imapindikira, fumbi la Okutobala ndi matope a Januwale zikalowamo amayamba kulira kenako gudumu lakumbuyo kumagwedera. Hardtail ilibe zonsezo, kumbuyo kwake ndi chitsulo chokhachokha, chosamala n'foloko yakutsogolo basi.

Ndiye za mpikisano. Cross-country ndi masewera a chikweza, mumazungulira njira imodzimodzi kangapo kwa ola ndi theka kapena kuchepera apo, ndipo anthu amasiyana pokwera osati potsika. Njinga ya 140mm anaipangira kutsetsereka, foloko yake inagonekedwa kutsogolo, ndiyolemera, za aluminiyamu zotere zimakhala makilo 14 kapena 15 pomwe hardtail ngati yanuyo imakhala 12 kapena 13. Makilo awiri pamanja si kanthu koma pachikweza chachisanu miyendo itayamba kuwotcha mudzawamva. Chinanso mukaimirira pa mapedulo kuti muthamange shoko yakumbuyo imamira n'kudya ina mwa mphamvu zanu, makamaka shoko yotopa ngati imeneyo. Ndipo malo athu kuno tiwaone bwino, kuchoka kwa Kamwendo kulowera ku Kapiri mpaka ku Kasungu ndi chigwa, misewu yafumbi, mchenga, tinjira ta m'minda ndi m'madambo, malo oti gudumu la 29 limasangalala chifukwa likagwira liwiro silitaya msanga ndipo timaenje ndi mizu limangodumpha pamwamba.

Mwina anzanu akuuzani kuti akatswiri akunja onse ali pa full suspension. Ambiri inde, Tom Pidcock wa ku Britain anawina golide ku Olympics ya ku Paris mu 2024 ali pa ya mashoko awiri, tsiku lomwelo Alan Hatherly wa ku South Africa anatenga bulonzi, nkhani yotinyaditsa ife a mu Africa. Koma zawozo ndi za 100mm kapena 120mm, za kaboni, zopepuka, zopangidwira mpikisano, ndipo ali ndi amakaniko owatsatira paliponse, si mtundu umodzi ndi ya 140mm mukuionayo ayi. Ndipo ku Paris komweko kumbali ya amayi Pauline Ferrand-Prévot wa ku France anawina ali pa hardtail. Ndiye musaope kuti mwagula njinga ya ophunzira.

Nanga kumapiri Loweruka? Apa ndisakunamizeni, yachiwiri ija ikanakhala yabwinobwino ikanakutsitsani mofewa komanso mwachangu kuposa hardtail, msana ndi manja sizikanatopa. Pa hardtail miyala mudzaimva. Koma imaphunzitsa munthu, umayamba kuona patali, kusankha podutsa, kudzuka pachishalo n'kupinda mawondo kuti miyendo ikhale shoko yako, ndipo amene waphunzira chonchi tsiku lomwe adzakwere full suspension amauluka. Ndalama yomwe mukanaononga pokonzetsa shoko ija mudzagulire dropper post, chishalo chotsika ndi kukwera ukadina kabatani pa handulo, pamtsetse chishalo chikatsika thupi limabwerera kumbuyo ndipo mantha ogubudukira kutsogolo amachepa kwambiri. Ngati mukulowa m'nkhalango yotetezedwa ya kumapiri a Mchinji muyambe mwalankhula ndi a zankhalango, ndipo chipewa cholimba chisachoke kumutu olo pa ulendo waufupi.

Pali nkhani ya matayala yomwe ndikufuna muimvetse musanapereke ndalama, chifukwa ambiri imawapweteka akafika kumudzi. Tayala la 29 simungalipeze pamsika uliwonse, la 27.5 ndiye kovutirapo. Wina adzakuuzani kuti la njinga ya kabaza la 28 lilowa, sililowa, limu yake ndi 635mm pomwe ya 29 ndi 622mm, manambala akunja aja amasocheretsa. Ndiye tsiku logula njingalo mugulirenso tayala limodzi lapadera ndi machubu awiri, muonenso valavu yake ngati ndi yopyapyala ija ya Presta kuti pampu yanu igwirizane nayo. Mukakwanitsa chotsani machubu muike tubeless, mkati mwa tayala amathiramo timadzi toyera tokhala ngati mkaka, munga wa mthethe ukabaya mumangomva tsiii kamphindi, timadzi tituluke pang'ono n'kutseka pobowokapo inu mukupalasabe. Kuno kotentha timauma msanga ndiye muzithira tina pakapita miyezi iwiri kapena itatu. Ndipo chonde musapope tayala gwa ngati mukukanyamula matumba a chimanga, pa tubeless 22 mpaka 28 psi ndi yokwana kutengera thupi lanu, tayala lofewerapo limagwira nthaka ndipo pa hardtail ndi lomwe limakupepuzirani mabampu kumbuyo. Ameneyu Pidcock naye tayala linamuphwera mpikisano uli mkati ku Paris, anachita kusintha gudumu n'kuyamba kuthamangitsa anzake, ndiye za matayala musazitenge mopepuka.

Magiya a 12 aja ndi abwino, kutsogolo kulibe chosinthira ndiye chovuta chimodzi chachepa, tcheni sichigwaigwa. Vuto lake tcheni cha 12 ndi chopyapyala ndipo cha pagolosale sichingalowe, mchenga wathu umachidya msanga, mukachedwa kusintha chimadyanso mano a kaseti, magiya akumbuyo aja, yomwe ndi yodula kuposa tchenicho kangapo. Muzichipukuta mukabwera kokwera, mafuta pang'ono, osati oilo wakuda wotsala mu injini amene amangoitana fumbi. Mabuleki ngati ndi a Shimano a mafuta, amafuna mineral oil basi. Wina asakuthirireni buleki fuluwidi ya galimoto poti nayo ndi ya mabuleki, imatupitsa timalabala tamkati mabuleki onse n'kuonongeka.

Pokagula musapite ndi maso okha. Ikwereni, ndipo saizi ikhale yanu, njinga yabwino koma yaikulu kapena yaing'ono kwa inu ndi ndalama yotaya, mukaimirira pakati felemu isakugundeni ndipo pogwira mahandulo musachite kudzikoka. Itembenuzeni muyang'ane mowotcherera monse makamaka kumutu kwa felemu ndi pansi pomwe pali mapedulo, mukaona kamng'alu olo kochepa ngati tsitsi isiyeni, aluminiyamu sawotcherera pa welding wamba wa pamsika n'kulimbanso. Gwirani buleki yakutsogolo mukankhe njinga kutsogolo ndi kumbuyo, mukamva kugogoda ndiye kuti mabeyaling'i a kumutu kapena foloko yatha. Timapaipi towala ta foloko tisakhale ndi zokanda. Foloko imeneyi imafunanso kusintha mafuta, a kampani yopanga mafoloko ya RockShox amati pakatha maola 50 okwera, ndiye mufunse ogulitsawo kuti anaitsegula liti komaliza komanso amene amawakonzera ndani, nambala ya mmisiri ameneyo muitenge. Mufunsenso kachitsulo kopachikira chosinthira magiya chakumbuyo, amati hanger, kamapindika njinga ikangogwera mbali ya magiya ndipo felemu iliyonse ili ndi kake, kupeza kapadera pompo ndi bwino.

Ngati hardtail ija mwaipeza ndi mng'alu kapena saizi si yanu, musathamangire yachiwiriyo chifukwa choti ndalama ili m'thumba. Pokhapokha ogulitsawo avomere kukonzetsa shoko ndi kusintha mabeyaling'i a m'mapivoti iwo eni musanalipire, inu n'kuikwera n'kuona kuti mafuta asiya kutuluka. Akakana bwererani nayo ndalama yanu ku Mchinji mudikire ina, ndipo podikirapo kanjinga ka 26 kaja muzikwera nako zikweza katatu pa sabata.