Yankho kwa achemwali a ku Luchenza pa nkhani ya mazira a omega-3

Achemwali, mwafunsa ngati kuthira soya pang'ono m'madeya kungachititse kuti nkhuku zanu ziziikira mazira okhala ndi mafuta ambiri a mtundu wa omega-3. Kuthandiza kumathandiza, koma osati kwambiri ngati chakudya chachikulu chikadali madeya ndi makoko a mpendadzuwa.

Thupi la nkhuku, la nkhumba, ngakhale lathuli silipanga lokha mafuta awiri awa: linoleic acid, wa gulu la omega-6, ndi alpha-linolenic acid, wa gulu la omega-3. Onse amachokera m'chakudya. Akafika m'chiwindi amasinthidwa. Woyambayo amakhala arachidonic acid, wachiwiriyo amakhala EPA ndi DHA, omwe ndi ofunika ku ubongo ndi maso. Vuto n'lakuti onse awiri amadutsa pa enzyme imodzi (chinthu cha m'thupi chimene chimasintha mafutawa) yotchedwa delta-6 desaturase. Zili ngati chigayo chimodzi pamudzi: mwabwera ndi kathini kamodzi, mnzanu wandandalika matumba khumi. Wachigayo angakukondeni bwanji, ufa wambiri utuluka wa mnzanuyo. Enzymeyi imakondadi omega-3, koma omega-6 ikachulukitsitsa imatenga malo. Ofufuza Mohrhauer ndi Holman anaonetsa zimenezi pa makoswe ku Minnesota mu 1963: akawonjezera mtundu umodzi m'chakudya, zochokera ku mtundu winawo zinkachepa m'minofu.

Mafuta a m'chimanga ndi a mpendadzuwa, oposa theka lake ndi linoleic acid, ndipo omega-3 mulibe kwenikweni. A soya ali ndi omega-3 pafupifupi magawo 7 pa 100, koma linoleic acid ali pafupifupi theka. Ndiye soyayo akubweretsanso matumba ake pamzere womwewo.

Ine kuno ku Bvumbwe ndinachepetsa mpendadzuwa, ndipo masana nkhuku zanga ndimazitsekulira kuti zijomphe udzu, bonongwe ndi chisoso. Ndimatolanso zinyenyeswa za usipa ndi matemba zotsalira pansi pa dengu la ogulitsa pamsika, n'kusinja mumtondo. Nsomba zili kale ndi EPA ndi DHA, sizifunika kudikira pachigayo paja. Kungoti musachulutse, dzira limayamba kununkha nsomba ndipo makasitomala amadandaula.

Chimene chimandipweteka n'chakuti ena amaswa dzira pamaso pa wogula n'kunena kuti chikasu chowala chija ndiye omega-3. Ayi ndithu, mtunduwo umachokera ku masamba ndi chimanga chachikasu. Musalonjeze ogula chimene simunayezetse, ingowauzani zimene nkhuku zanu zimadya.