Amalume, za mabatire, impso ndi tiyi uja

Amalume, mwaswera bwanji? Funso lanu ndaliona pagulupu pano, ndiye ndati ndingolankhula chifukwa kulemba zitalika. Mwati adokotala akupezani ndi BP, akutinso impso zayamba kufooka, ndiye mukufunsa ngati zingakhale chifukwa cha ntchito ya mabatire a galimoto imene mwagwira zaka zonsezi. Mwafunsanso za tiyi wotsuka m'thupi amene wina akuti mugule. Ndiyankha zonse ziwiri, ndipo ena nonse mumvetsere nawo, makamaka inu amene muli ndi ana aang'ono.

Inde amalume, n'zotheka ndithu. Mkati mwa batire muli mtovu, chitsulo chofewa cholemera chija mumachiona mukaliswa. Ndipotu mtovu wambiri umene umagwiritsidwa ntchito padziko lonse, woposa magawo 3 mwa 4, umapita ku mabatire omwewo. Mukamaswa batire, kupala timitu take, kapena kusungunula zamkatizo pamoto, pamatuluka fumbi ndi utsi. Fumbi lotuwa lija limakakamira m'zikhadabo, m'tsitsi, m'makwinya a ovolosi. Munthu umalipuma, kenako umadya ndi manja omwewo. Tsiku limenelo sumva kanthu, mawa lakenso uli bwinobwino, ndipo pamenepo ndi pamene pali kuopsa kwake.

Thupi likalandira mtovu limausokoneza ndi calcium, chakudya cha mafupa chija, ndiye limautenga n'kukausunga m'mafupa ndi m'mano. M'magazi umachepa pakangotha milungu ingapo, koma mafupa amasanduka nkhokwe yake, umakhala mmenemo zaka makumimakumi n'kumatulukira m'magazi pang'onopang'ono. Ukamadutsa mu impso umawononga timachubu tosefa magazi. Umaumitsanso mitsempha, magazi n'kumayenda mokakamiza. Ndiye BP ikakwera imapweteka impso, impso zikafooka zimakwezanso BP, basi kumangozungulira choncho. Ena amatupa ndi kuphwanya m'malo olumikizira mafupa, makamaka chala chachikulu cha kuphazi, ena m'mimba kupota, kudzimbidwa, mutu, kuiwalaiwala, magazi kuchepa.

Komabe mumve bwino apa. BP ndi impso zili ndi zoyambitsa zambiri: msinkhu, mchere wochuluka, shuga, fodya, kunenepa, ngakhalenso kumtundu. Kawirikawiri zimathandizana, ndipo mtovu umangowonjezera katundu pa thupi limene lasenza kale zina. N'chifukwa chake anthu awiri amatha kugwira ntchito imodzi, wina n'kudwala msanga, wina mochedwa. Choncho musati poti mnzanu amene munkagwira naye ali bwino ndiye kuti ntchitoyo ilibe mlandu, ayi.

Koma chimene chandisowetsa mtendere kwambiri ndi zidzukulu zanu zimene zimasewera pamene mumagwirira ntchito paja. Mwana thupi lake limayamwa mtovu kuwirikiza 4 kapena 5 kuposa wamkulu. Ndiye onani mmene mwana amachitira: akukwawa pansi, watola kachitsulo, waika m'kamwa, chala m'kamwa, wakukumbatirani muli ndi zovala zakuntchito n'kukwirira nkhope pachifuwa panu. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limanena mosapita m'mbali kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene tinganene kuti ndi wosavulaza. Kwa mwana umakhudza ubongo umene ukukula, ndipo zimenezo sizibwerera. Mwanayo sagona pamphasa kuti akudwala, ayi, amangovutika kugwira za kusukulu, sakhazikika, anthu n'kumati ndi wopulupudza kapena ndi mbuli. Zimandiwawa kwambiri zimenezi, mwana kumakalipiridwa pa chinthu chimene chinamulowa ndi fumbi. Mayi woyembekezeranso, mtovu umene unabisala m'mafupa kalekale umatuluka nthawi ya pakati n'kufika kwa mwana ali m'mimba.

Si nthano izi. Ku Senegal, pa Thiaroye-sur-Mer pafupi ndi Dakar, ana 18 anamwalira pakati pa 2007 ndi 2008 chifukwa anthu ankaswa mabatire akale ndi kusefa dothi lokhala ndi mtovu pakhomo pomwe. Ku Zamfara m'dziko la Nigeria, mu 2010, ana oposa 400 anafa chifukwa miyala ya golide imene ankapera m'midzi inali ndi mtovu. Ku Kabwe, ku Zambia, mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994 koma mpaka lero dothi lake likudwalitsa ana. Dziko lonse linavutika mpaka kuchotsa mtovu mu petulo, ndipo Algeria ndiyo inali yomaliza mu 2021. Koma m'mabatire, mu penti wina ndi m'mapaipi akale a madzi ukadalimo.

Ndipo si mtovu wokha. Utsi ndiwo umapha anthu ambiri zedi. WHO imati mpweya woipa, wa panja ndi wa m'nyumba, umafupikitsa moyo wa anthu pafupifupi 7 miliyoni chaka chilichonse, ndipo pafupifupi 3 miliyoni mwa iwo ndi a utsi wa m'nyumba, wophikira ndi wowotha. Anthu amaganiza kuti utsi umathera pa chifuwa. Ayi, muli tinthu tosaoneka ndi maso timene akatswiri amati PM2.5, timalowa mpaka pansi pa mapapo, timatupitsa mitsempha ya magazi, mapeto ake matenda a mtima, sitiroko, khansa ya m'mapapo, ndi chifuwa chobanika chosatherapo. Kuwotcha mapulasitiki ndi matayala kumawonjezeranso ziphe zina zimene zimakhalitsa m'mafuta a m'thupi. Inuyo muli kale ndi BP, ndiye utsi wamtundu uliwonse, wa injini, wa zinyalala, wa fodya, muziutalikira.

Za madzi nditchuleko chimodzi, chifukwa ambiri timati ukawiritsa basi watha. Kuwiritsa kumapha tizilombo, koma sikuchotsa zitsulo. Ku Bangladesh anakumba mijigo yambirimbiri kuyambira m'ma 1970 pothawa matenda otsegula m'mimba. Madzi oyera mbee, okoma, osanunkha. Patapita zaka ndi pamene zinadziwika kuti mijigo yambiri inali ndi arsenic, chiphe chochokera m'nthaka momwemo, anthu atayamba kutuluka mawanga ndi zikang'a m'manja ndi kumapazi, ena khansa ya pakhungu, ya chikhodzodzo ndi ya m'mapapo. Zotere zimadziwika pokhapokha madziwo akayezedwa.

Tsopano za tiyi uja. Amalume, chonde musagule, ndikukupemphani. Ziwalo zimene zimatsuka thupi ndi chiwindi ndi impso, ndipo impso zanuzo ndi zimene zatopa. Kuzithira zinthu zosadziwika n'kuziwonjezera ntchito. Palibe tiyi amene angakazule mtovu m'mafupa. Ku Belgium, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, amayi ambiri amene ankamwa mankhwala azitsamba ochepetsa thupi impso zawo zinafa, chifukwa munali chomera chokhala ndi chiphe chowononga impso, ndipo ena anadzapezekanso ndi khansa ya njira ya mkodzo. Iwonso ankati ndi zachilengedwe, sizingapweteke. Mankhwala enieni ochotsa mtovu alipo, amaugwira m'magazi n'kutuluka nawo mumkodzo, koma amaperekedwa kuchipatala, munthu atayezedwa n'kupezeka kuti mtovu wachuluka kwambiri, ndipo dokotala amayang'anira impso nthawi yonseyo. Mankhwala anu a BP musasiye ngakhale tsiku limodzi. Ndiponso mapiritsi opha ululu monga ibuprofen ndi diclofenac musamangomwa, amapweteka impso zofooka, mufunse kaye.

Ndiye chimene mungachite kuyambira mawa ndi ichi. Ana asafikenso pamalo a ntchito, olo atalira bwanji. Ovolosi ndi nsapato zizitsala komweko, musalowe nazo m'nyumba, ndipo zizichapidwa pazokha, osaphatikiza ndi zovala za ana. Musanagwire mwana kapena chakudya, sambani ndi sopo mpaka m'zikhadabo, ndipo musadyere pamene mukugwirira ntchito. Pansi musasese pouma chifukwa fumbilo limangouluka n'kukulowani, muziwaza madzi kaye n'kukolopa. Zosungunula mtovu pamoto zija ndiye mungosiyiratu, mabatire akutha azipita kwa amene ali ndi zipangizo zake. Ana azidya mokwanira, chifukwa mwana wanjala kapena wochepa magazi thupi lake limayamwa mtovu wambiri.

Mukapitanso kuchipatala, musadikire kuti akufunseni. Muwauze adokotala kuti mwagwira ntchito ya mabatire zaka zakutizakuti, munkaswa ndi kusungunula, ndipo mufunse ngati angakuyezeni mtovu m'magazi kapena kukutumizani kumene amayeza. Mudziwe kuti kuyeza magazi kumaonetsa kwambiri mtovu wa posachedwa, ndiye zotsatira zikatuluka zotsika sizitanthauza kuti wakale uja sunakukhudzeni. Zidzukulu zimene zakhala zikusewera paja nazonso mupite nazo, pamodzi ndi aliyense woyembekezera pakhomopo. Mundiuze tsiku limene mukupita, ndikuimbirani usiku wake tikonzere limodzi zoti mukafunse.